Pepala si katundu wopepuka, achimwene

Achimwene, mwandifunsa kuti malonda a mapepala ndi makatoni ochokera kunja amayenda bwanji, poti mwaona wina pa intaneti akutsatsa marimu a A4 pa mtengo wotsika kwambiri. Ndikuyankhani monga ndaonera pa zaka zomwe ndakhala ndikuwolotsa katunduyu m'malire.

Yambani ndi sikelo. Pepala limodzi la A4 la 80 gsm (kutanthauza magalamu 80 pa sikweya mita) limalemera magalamu 5. Rimu ya mapepala 500 ndi makilogalamu 2.5, ndipo katoni ya marimu asanu ndi 12.5. M'kontena ya mafiti 20 mumalowa marimu pafupifupi 8,000, omwe ndi matani 20. Fakitale imatchula mtengo pa tani, thiraki imaima pa sikelo za m'misewu, koma wodzagula kwa inu amangofunsa kuti rimu ndi zingati. Phindu lanu lonse lagona pa kusandutsa mtengo wa tani kukhala mtengo wa rimu, mutawerengera chilichonse cha m'njira.

Mtengo mwauonawo mufunse ngati ndi wa FOB kapena CIF. Ukakhala wa FOB, wogulitsa amangokweza katundu m'sitima padoko la kwawo, zoyendetsa ndi inshuwalansi ndi zanu. Wa CIF amafikitsa padoko lomwe mwagwirizana. Kuyambira pamenepo zolipira padoko, ajenti wotulutsa katundu, msonkho ndi thiraki zonse zimakugwerani, ndipo kontena ikachedwa kubwezedwa eni sitima amalipiritsa tsiku ndi tsiku.

Pamalire sayang'ana dzina lomwe inu mumatchulira katundu, amayang'ana nambala yake m'buku la HS, mndandanda wa manambala a katundu womwe a kasitomu amagwiritsa ntchito padziko lonse. Mapepala ndi makatoni ali m'mutu 48. Pepala la nyuzipepala ndi 4801, lolembapo wamba ndi 4802, lonyezimira la magazini ndi 4810, makatoni opangidwa kale ndi 4819, makope ndi 4820. Mabuku osindikizidwa ali m'mutu wina, 49, ndipo mayiko ambiri sawalipiritsa msonkho wolowera, ena chifukwa cha pangano la ku Florence la 1950. Mayiko ochuluka amachepetsa msonkho pa mipukutu ikuluikulu yopita ku mafakitale, n'kuukweza pa zinthu zomalizidwa pofuna kuteteza opanga makope ndi makatoni akwawo. Ajenti akalemba nambala yolakwika, katundu amagona pamalire ndipo chindapusa chimalembedwa pa dzina lanu.

Apa pali pomwe ambiri amapunthwa. Chikalata cha SADC kapena COMESA chosonyeza komwe katundu wapangidwa chimatsitsa msonkho, nthawi zina mpaka kuuchotseratu. Koma chimatsata komwe pepala lapangidwa, osati komwe mwaligula. Pepala la Rotatrim la kampani ya Mondi limapangidwa ku Merebank ku Durban, la Typek la kampani ya Sappi ku Stanger, ndiye amenewa ndi a South Africa, dziko la mu SADC. Pepala la ku Indonesia kapena Thailand lomwe langofikira m'nyumba yosungira katundu ku Johannesburg silisanduka la SADC. N'chifukwa chake rimu yodula pang'ono ya dziko loyandikana imatha kufika yotchipa kuposa ya kutsidya kwa nyanja.

Chinyezi ndicho chinandiphunzitsa mowawa. Ulendo wina tenti ya thiraki inali yoboola, mvula n'kutipeza m'njira. Makatoni kunja ankaoneka bwino ndithu, koma nditang'amba chikuto cha rimu ndinapeza m'mphepete mwa mapepala mwachita mafunde. Pepala lotero limakodwa m'makina a fotokope, ndipo wogula amabweza katoni yonse. Kuyambira tsiku limenelo katundu wanga amakhala pa mapaleti, wokulungidwa pulasitiki, ndipo tenti ndimaiyendera ndekha tisanakweze. Katundu akafika ndimatola marimu angapo pakati pa mulu n'kuika pa sikelo. Rimu yolembedwa 80 gsm ikalemera makilogalamu 2.2, mwina pepala ndi la 70 gsm, mwina mapepala sakukwana 500.

Mtengo umagwedezeka ndi zinthu zakutali. Phala lopangira mapepala limachokera kwambiri ku Brazil, komwe kampani ya Suzano imadzala bulugamu, ndi ku Canada, Sweden ndi Finland kwa mitengo ya paini. Likakwera kumeneko, miyezi ingapo yotsatira rimu imakweranso. China itasiya kulandira mapepala akale kuyambira Januwale 2021, zinyalalazo zinayamba kulowera ku India, Vietnam ndi Malaysia, ndipo msika wa makatoni unasokonekera. Mwa kuona kwanga, mtsogolo muli makatoni. Anthu akuwerenga nkhani pa foni, koma chilichonse chogulidwa pa intaneti chimafuna bokosi.

Za wotsatsa wanuyo ndikuchenjezeni ndi mtima wonse. Akuba ambiri amagwiritsa ntchito zithunzi za mapepala a mayina otchuka, amapempha theka la ndalama, kenako foni imazima. Lemberani fakitale yeniyeniyo, ikuuzeni ogulitsa omwe inawavomereza. Ndalama zidzere kubanki, makamaka pa letter of credit, kalata yomwe banki imalonjeza kulipira wogulitsa akaonetsa zikalata zoti katundu watumizidwa, kapena zotsala mulipire mutaona bill of lading, chikalata cha eni sitima chosonyeza kuti katundu wakwezedwa.

Ulendo woyamba musatenge kontena. Tengani mapaleti awiri kapena atatu pa thiraki yogawana ndi ena, mulembe ndalama iliyonse yomwe yatuluka mpaka katundu atalowa m'nyumba. Mundiuze ngati ogula anu ndi masukulu, osindikiza kapena olongedza katundu, tikhale pansi tiwerengere limodzi.