Yankho kwa msuweni pa nkhani ya makosi ija

Halo... ikujambula? Eya. Msuweni, funso lako ndaliona pagulupu, loti uwonjezere kosi iti, ya Python yolembera mapulogalamu a kompyuta kapena ya Cisco ya ma network ija. Ndimati ndilembe koma ndili ndi manja a ufa, nde ungomvera.

Koma iwe funso lako si limenelo, usandinamize, ndinakuberekapo kumsana ine. Chimalizireni ku Poly... aaa, MUBAS paja masiku ano, wangodzitsekera kuchipinda ndi laputopu, anti akuti umatuluka nsima ikapsa kapena magetsi akathima basi. Chikukuwawa nchoti foni yako sikulira.

Dikira kaye. Ukuwakumbuka amalume a ku Limbe, kwa iwe abambo aakulu? Osati a njinga aja, amenewo pagulupu pano sitiwatchula, hehe. Ndikunena okonza mawailesi. Ine ndinakhalako nawo matemu awiri, chaka cha njala chija, 2002... ayi ndanama, njala isanafike, agogo akadali moyo. Kabenchi kawo kanali kakang'ono pakhonde la sitolo, ndipo pafupi pomwepo panali mnyamata wina wodziwa ntchito kuposa iwowo, okha ankavomera, wailesi ikawakanika ankapita nayo kwa iyeyo madzulo mozemba, ine ndi amene ndinkanyamula mu jumbo. Koma mzere wa anthu unali kwa ndani? Kwa amalume. Mnyamata uja ukafika amangoti siyani pamenepo, osadzutsa ndi mutu womwe. Amalume amayamba ndi kudzuka kwa kunyumba, mwana uja anachira, nanga wailesiyi mumamvera chani, mpira kapena zamaliro, kenako nkumatsegula. Anali ndi kope la hadikava, dzina la munthu, komwe amakhala, chomwe chinavuta, pakatha sabata akakumana naye mu minibasi nkumufunsa kuti ikulirabe?

Nde pa maliro a agogo, iwe unali kamwana, chimkuzamawu cha mpingo chinangoti zii abusa ali pakati. Anthu kuyang'anana. Amalume kupisa m'thumba la jekete, sikuludiraiva! Pamaliro a mayi awo enieni, munthu misozi ili m'maso koma sikuludiraiva ali nayo. Anakonza, sanalandire kanthu, amayi anakwiya mwezi wathunthu ati manyazi. Koma kuchokera pamenepo mawailesi a mpingo wonse, a amayi a Mvano, a akwaya, onse ankatsikira ku Limbe. Malata a nyumba ija mukuikanganirana ija anachokera pamenepo. Chabwino, izo tisaziyambe.

Ndimati chani... eya. Iwe ntchito ukuidziwa kale, chomwe ulibe ndi anthu okudziwa kuti umaidziwa. Tuluka. Pita pa sukulu ya pulaiveti ili kuseri kwanuko, usakayambe ndi database, cloud, chani chani, akakuthamangitsa. Ukafunse kuti makolo akalipira fizi pa Airtel Money kapena Mpamba mumadziwa bwanji kuti ndi ya mwana uti. Ukaona akutulutsa chikope ndi timapepala, ukhale chete, uwasiye adandaule, dhilu ili pamenepo. Mukagwirizana mtengo utengeretu theka usanayambe, ndipo usachite manyazi kutchula ndalama ngati ukufunsira mbeta. Pakatha masiku atatu uimbe, osati kungotumiza ka "hi" pa WhatsApp nkumadikira.

Komanso uzipezeka komwe anzako a zamakompyuta amakumana, ICTAM, bungwe la anthu a zamakompyuta lija, ikakonza zinthu, Trade Fair ikatsegulidwa pa Chichiri, ukapita ku Lilongwe udzere pa mHub, malo aja amakumanirana achinyamata a zamakompyuta ndi mabizinesi. Osati kukaima pakona ndi botolo la Fanta ngati mlonda. Anthu atatu okha, uwafunse zomwe akupanga, nambala usunge ndi komwe munakumana, mawa lake uwapatse moni. Ndipo chithunzi chija cha pa LinkedIn, tsamba la pa intaneti lofunirapo ntchito lija, usinthe chonde, phewa langa likuonekatu, ncha pa chinkhoswe chija.

Nde kosi ayi, pakadali pano isiye, ndalamayo ugulire thiransipoti ndi mayunitsi, anthu akudziwe kaye. Ukumva? Anthu akudziwe, ndi zomwe ndikunena ine. Cisco sithawa.

Iii nsima yanga ikupserera. Uwauze anti kuti nkhani ya mbuzi ija sindinaiwale.