Funsani Tikuyankheni: Msodzi Woimba wa ku Winterton

FUNSO: Akonzi, ine ndine mphunzitsi wa Chingerezi pa sukulu ina ya sekondale kuno ku Ulónguè, m'boma la Angónia. Pofunafuna mawu a Angerezi enieni oti ophunzira anga azimvetsera, ndinapeza pa intaneti mkulu wina wokalamba, dzina lake Sam Larner, akuimba yekha popanda gitala kapena ng'oma. Nditawatsegulira ana m'kalasi, ambiri anaseka, nanena kuti mawu ake ndi osasa ndiponso kuti munthuyo sadziwa kuimba. Kodi mkuluyu anali ndani, ndipo n'chifukwa chiyani kwawo amamulemekeza chonchi?
Mphunzitsi, Ulónguè

YANKHO: Aphunzitsi, munthu amene mwamupezayo anali msodzi, ndipo kuimba sinali ntchito imene ankadyera. A Sam Larner anabadwa m'chaka cha 1878 m'mudzi wa Winterton, m'chigawo cha Norfolk, kum'mawa kwa England, m'mphepete mwa nyanja ya North Sea. Pafupifupi mwamuna aliyense wa m'mudzimo ankapita kunyanja, ndipo iwonso analowa ntchito m'bwato m'chaka cha 1892 ali ndi zaka 13. Anayambira m'mabwato oyenda ndi matanga, kenako m'chaka cha 1899 anasamukira m'mabwato oyendera nthunzi ya malasha.

Nsomba imene ankagwira ndi herring, yomwe imayenda m'chigulu ngati kapenta wa mu Cahora Bassa, ngakhale kuti ndi yokulirapo kwambiri. Asodzi ankatchera maukonde ataliatali usiku n'kuwasiya kuti aziyandama, ndipo m'bandakucha ankawakoka ndi manja pamphepo yozizira koopsa. Nsombayi inkasuntha malinga ndi nyengo, choncho mabwato ankaitsatira kuchokera ku zilumba za Shetland kumpoto mpaka kudzafika padoko la Great Yarmouth, lomwe lili pafupi ndi kwawo kwa a Larner. Amayi ambiri a ku Scotland ankatsatira mabwatowo pamtunda, kudzatumbula nsomba ndi kuzithira mchere m'migolo yopita ku Germany ndi ku Russia. Malondawa anafika pachimake m'chaka cha 1913, koma nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha misika yakunjayo inayamba kufooka.

Nyimbo zawo a Larner anaziphunzira pongomva, kwa bambo awo ndi kwa asodzi anzawo, ndipo ankaziimba m'malo omwera mowa a m'mudzi mwawo komanso pamisonkhano ya asodzi m'madoko amene bwato laima. Zina zinali za mikuntho ndi mabwato omira, zina za achifwamba a panyanja, zina za chikondi, ndipo zinanso zinali zanthabwala za akuluakulu okhaokha. M'chaka cha 1933 thanzi linawavuta, anasiya usodzi, ndipo anakhala akugwira maganyu a pamtunda monga okonza misewu. Kwa zaka zoposa 20 kuchokera pamenepo, kunja kwa dera lawo kunalibe amene ankawadziwa.

Zinthu zinasintha m'chaka cha 1956, pamene a Philip Donnellan, okonza mapulogalamu ku wailesi ya BBC, anakumana nawo ku Winterton, a Larner ali ndi zaka 78. A Donnellan anajambula nyimbo zawo pamodzi ndi macheza awo, ndipo posakhalitsa oimba nyimbo za makolo a Ewan MacColl ndi mayi Peggy Seeger, pamodzi ndi a Charles Parker a ku BBC, anabweranso ndi makina ojambulira mawu, nakhala nawo nthawi yaitali akuwafunsa za moyo wa panyanja. Zimene anajambulazo zinakhala maziko a pulogalamu yotchedwa Singing the Fishing, yomwe inaulutsidwa m'chaka cha 1960 ndipo inapata mphoto ya Prix Italia, yomwe imaperekedwa kwa mapulogalamu apamwamba a pa wailesi ndi pa kanema. Chachilendo pa pulogalamuyi chinali chakuti asodzi ankadzilankhulira okha m'chilankhulo cha kumudzi kwawo, pomwe chizolowezi cha nthawiyo chinali kulemba mawu a anthu wamba n'kupereka kwa ochita sewero kuti awerenge. M'chaka cha 1961 kampani ya Folkways ya ku America inatulutsa chimbale cha nyimbo ndi nkhani zawo. A Larner anamwalira m'chaka cha 1965.

Kuti mumvetse kulemera kwa zojambulidwazi, kumbukirani kuti otolera nyimbo za makolo oyambirira, monga a Cecil Sharp amene anayamba ntchitoyi m'chaka cha 1903, kawirikawiri ankalemba mawu ndi kamvekedwe ka nyimbo papepala. Pepala limasunga nyimbo, koma silisunga woimbayo: pamene wapumira, pamene wakweza mawu, pamene waseka pakati pa ndime chifukwa nkhaniyo yamukomera iye mwini. Pa a Larner zonsezi zinasungidwa, ndipo ine ndimaona kuti apa ndi pamene pagona ulemu wawo. A Martin Carthy, amene pambuyo pake anadzakhala mmodzi mwa oimba nyimbo za makolo otchuka kwambiri ku England, anaonera a Larner akuimba ku London iwo ali mnyamata, ndipo akhala akunena kuti tsikulo linasintha kamvedwe kawo ka nyimbo. Chimene chimandidandaulitsa n'chakuti nyimbo imene a MacColl anapeka kuchokera m'mawu a a Larner, The Shoals of Herring, inatchuka kuposa msodzi amene anafotokoza moyo wake kuti nyimboyo ibadwe, moti ambiri amaiimba osadziwa n'komwe dzina lake.

Za kuseka kwa ophunzira anu, musawadzudzule, pakuti makutu awo anazolowera mawu osalazidwa ndi makina a mu situdiyo. Koma afotokozereni kuti akumvetsera munthu wa zaka pafupifupi 80 amene cholinga chake n'chakuti nkhani ya m'nyimbo imveke, n'chifukwa chake amafulumira kapena kuchedwa malinga ndi mawu, osati malinga ndi kugunda kwa ng'oma. Dziwaninso kuti Chingerezi cha a Larner ndi cha ku Norfolk, chimene chimasiyana ndi cha m'mabuku a kusukulu, choncho n'kwabwino kuti ana akhale ndi mawu olembedwa m'manja pamene akumvetsera.

Ndikupemphani kuti phunzirolo lisathere pa England. M'midzi ya ku Angónia, Tsangano ndi Macanga muli agogo amene akudziwa nyimbo za pamtondo, za kudambwe, za ngoma ndi za pamaliro, ndipo ena akudziwa nyimbo zimene zinaimbidwa pa nthawi ya chibalo kapena m'misasa ya othawa nkhondo ku Malawi. Tumani ophunzira anu kuti akajambule agogo awo pa foni, atayamba apempha chilolezo, ndipo alembe dzina la woimbayo, mudzi wake, tsiku, ndi amene anamuphunzitsa nyimboyo. Asazimitse foni nyimbo ikatha, chifukwa zimene agogo amafotokoza pambuyo pake n'zimene zimamasulira nyimboyo. Pa nyimbo za Gule Wamkulu, zomwe zina ndi zachinsinsi, anawo ayenera kudzera kwa mfumu ndi akuluakulu a kudambwe, ndipo chimene akuluakuluwo akana kuti chijambulidwe, chisajambulidwe.