Aphunzitsi athu a Chijapanizi ayamba kujomba, tiwathokoze bwanji?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa achimwene ena a ku Area 25, amene amatsogolera kagulu ka anthu ophunzira Chijapanizi. Amakumana Loweruka masana m'kalasi ya sukulu ina kumeneko, ndipo amene amawaphunzitsa ndi mayi wina amene anakachita maphunziro ake ku Japan. Mayiwo salandira kanthu. Achimwenewo alemba motere: "Amatenga makope athu kukachonga kunyumba, n'kubwera nawo atakonza chiganizo chilichonse. Ena amawaimbira foni usiku kufunsa za mayeso, koma akathandizidwa amangoti zii. Tsopano mayiwa ayamba kujomba, ndipo ndili ndi mantha kuti atisiya. Kodi ndiike lamulo loti aliyense azithokoza, kapena tizisonkha ndalama zowalipira?"

Achimwene, lamulo loti anthu azithokoza musaike. Zikomo wochita kukakamiza amadziwika, ndipo woyamba kumuzindikira adzakhala mayiwo. Adzaona kuti mwakambirana kuseri, kuti anthu akungokwaniritsa zimene awuzidwa, ndipo zidzawapweteka kuposa chete wa panopa.

Za ndalama n'zosavuta. Ya minibasi, ya bandulo, ya mapepala ndi zolembera, imeneyo ndi ngongole yanu kale, si mphatso ayi. Sonkhani mwezi ndi mwezi, ikani mu envelopu, perekani popanda mwambo. Koma musaitchule kuti malipiro. Munthu akangoganiza kuti "ndalipira", kuthokoza kuja kumatheratu, ndipo kandalama kamene mungasonkhe sikangafike pa mtengo weniweni wa ntchito imene mayiwa akugwira.

Ntchitoyo ndikufuna anzanuwo aione bwinobwino kukula kwake. Chijapanizi chimalembedwa ndi mitundu itatu ya zilembo: hiragana, katakana ndi kanji. Hiragana ili ndi zilembo 46, katakana nayonso 46. Kanji zimene boma la Japan linaika pa mndandanda wa zogwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku m'chaka cha 2010 zilipo 2,136, ndipo mwana wa ku Japan amaphunzira 1,026 mwa zimenezi pa zaka zisanu ndi chimodzi za ku pulayimale. Wochonga kope la munthu woyamba kumene sawerenga chabe, amayang'ana kamzere kalikonse kumene kachokera ndi kumene kalowera. Tengani katakana ya shi (シ) ndi ya tsu (ツ). Kwa ife zimaoneka ngati chilembo chimodzi, koma kamzere kakatali ka shi kamayambira pansi kukwera, pamene ka tsu kamayambira pamwamba kutsika. Mayiwa amakhala pansi usiku, mwina magetsi atazima, kuyang'anitsitsa timizere timeneti m'makope a anthu onse, kulemba chilembo cholondola pambali ndi cholembera chofiira, kuzunguliza mayankho okhoza monga amachitira aphunzitsi a ku Japan. Loweruka kope lija mwini wake amalilandira, osalitsegula n'komwe, n'kulilowetsa m'chikwama. Ndikanakhala ine, nanenso ndikanayamba kujomba. Gulu lanu lawasandutsa mjigo wa m'mudzi, umene aliyense amatungapo koma wothira girizi palibe.

Komabe musafulumire kunena kuti onse okhala chete ndi osayamika. Ambiri ndi manyazi. Munthu wamkulu, wa ntchito yake ndi ana ake, kulandira kope lofiira paliponse ngati la mwana wa Sitandade 1, mtima umachepa. Amafuna nkhaniyo ithe msanga, ndiye amangokhala duu. Mukamudzudzula pagulu kuti sathokoza, sabata yamawa simumuona. Chimene munthu wotere akusowa ndi kuona wina akutsegula kope lake lofiira poyera popanda manyazi, ndipo winayo akhale inuyo. Loweruka likubwerali, musanayambe phunziro, tsegulani lanu n'kunena kuti, "Aphunzitsi, apa munandikonza pa timawu ta Chijapanizi tija, wa ndi ga, ndakalembanso ndime yonse, taonani." Zikomo amene amakhazika mtima wa mphunzitsi pansi ndi ameneyo, wotchula chinthu chenichenicho ndi kusonyeza kumene chakafika.

Ndipo za kusonyeza mu Lilongwe muno zilipo zambiri. Misewu yathu yadzaza ndi ma Sienta, ma Vitz ndi ma Passo ochokera ku Japan, mabatani a wailesi onse ali m'Chijapanizi. Galimoto zambiri ukangoliza injini pamamveka mawu a mayi akulankhula, ndipo eni ake akhala nawo zaka osadziwa chimene akunena. Kawirikawiri ndi kamakina ka ETC, kolipirira misewu ikuluikulu ya ku Japan, kakudandaula kuti khadi silinalowetsedwe. Tsiku limene wophunzira wanu adzamve liwu loti kaado m'mawu amenewo n'kulizindikira, kapena adzasinthe yekha nthawi pa wailesi ya galimoto ya malume ake chifukwa wawerenga katakana, asasunge mumtima. Awauze mayiwo tsiku lomwelo. Kankhani kakang'ono kotere kamalipira mausiku ambiri ochonga makope.

Mwayi wanu waukulu ndi woti chilankhulo chimene mukuphunziracho sichilola munthu kudutsa pa thandizo osalitchula. Mukafika pa maverebu atatu a kupereka ndi kulandira, ageru, kureru ndi morau, mupeza kuti munthu wa ku Japan akamanena za mnzake amene wamuphunzitsa kanthu sangoti oshiemashita, kutanthauza kuti anaphunzitsa, amati oshiete kuremashita, kusonyeza kuti wandichitira ine zabwino. Akakhala mphunzitsi kapena wamkulu amakweza ulemu n'kunena kuti oshiete kudasaimashita. Mukasiya kachidutswa kameneko chiganizo chimamveka chozizira, ngati thandizolo linagwera munthu wina. Ife sitiyenera kuvutika nazo, chifukwa tikamati "anandiphikira", "anandinyamulira", tikuchita zomwezo. Choncho phunziro la kuthokoza mutha kuliika ngati phunziro la galamala, ndipo palibe adzamve ngati akukalipiridwa. Koma alitsogolere mmodzi wa inu amene ali patsogolo. Si bwino kupempha mayiwo kuti akuphunzitseni mmene mungawathokozere iwo omwe.

M'sukulu zambiri za ku Japan ophunzira amaimirira poyamba phunziro, kuwerama n'kunena onegai shimasu, mawu opempha mwaulemu, ndipo pomaliza amaweramanso n'kunena arigatō gozaimashita, kutanthauza kuti zikomo kwambiri. Chimenechi tengerani. Mwina mufunsa kuti kodi limeneli si lamulo lomwe ndakana lija? Ayi, uwu ndi mwambo wa m'kalasi, wofanana ndi mmene tinkaimirira kupereka moni aphunzitsi akalowa. Suumiriza mtima wa munthu, umangozoloweretsa pakamwa. Onjezani otsukaresama deshita pobalalika, mawu ouzana anthu amene atopera limodzi ntchito, ndipo muziwauzanso amene wasesa m'kalasi, amene wabweretsa choko, ndi mlonda amene amakutsegulirani geti Loweruka.

Mwambo umene ndimaukonda kwambiri ndi wothokoza kawiri. Ku Japan munthu akakuchitira zabwino umathokoza pomwepo, ndiye mukadzakumananso umayamba ndi senjitsu wa arigatō gozaimashita, kuthokoza za tsiku lija. Amene sachita zimenezi amaoneka ngati waiwala. Koma achimwene, izi si zachilendo kwa ife. Agogo athu ankalawirira m'mamawa kupita kwa mnansi amene anawathandiza kukolola kapena kugona nawo pa maliro, kukangonena kuti "tithokoze za dzulo zija." M'tauni muno tazitaya pang'onopang'ono, makamaka thandizo likabwera pa foni, chifukwa munthu amene sukumuona nkhope n'kosavuta kuiwala kuti nayenso anasiya nsima yake ikuzizira kuti akuyankhe. Akumbutseni anzanu kuti akungobwerera ku za kwawo.

Pa za mayeso ndilankhule mosabisa. JLPT, mayeso oyesa luso la Chijapanizi, imene inayamba mu 1984 ndipo ili ndi magawo asanu kuyambira N5 kukafika N1, ndi imene anthu amaimbira mafoni usiku. Ena akuthamangira maphunziro a MEXT, olipiridwa ndi boma la Japan, kudzera ku ofesi ya kazembe wa Japan, imene inatsegulidwa mu Lilongwe muno mu 2008. Zonsezi n'zabwino. Koma zotsatira zikatuluka, munthu woyamba kumva akhale mphunzitsi, asachite kumva kwa ena kapena kuona pa Facebook. Wokhoza anene okagesama de gōkaku shimashita, kuti ndakhoza chifukwa cha inu. Wolephera nayenso apite, ndipo iyeyu ndiye wofunika kwambiri, chifukwa olephera amangosowa, mphunzitsi n'kutsala akudzifunsa ngati analakwitsa ndi iye. Kungonena kuti "sindinakhoze, kumvetsera kunandivuta, koma ndidzalembanso" ndi ulemu waukulu.

Lamulo limodzi lokha ndikuvomereza, ndipo ndi la nthawi. Mafoni a usiku athe. Gulani kope limodzi la mafunso, aliyense azilembamo, mayiwo aziyankha Loweruka kamodzi kwa onse. Ndipo amene adziwa hiragana ndi katakana atenge obwera kumene kwa theka la ola phunziro lisanayambe. Ku Japan ubale wa senpai ndi kōhai umayenda motero, amene anayamba kale amasamalira wobwera pambuyo. Mphunzitsi akaona ophunzira ake akuphunzitsa ena zimene iye anawapatsa, amadziwa kuti sanataye nthawi, ndipo katundu wake wapepuka.

Mphatso ikhale yaing'ono. Mtedza wokazinga, paketi ya khofi wa ku Mzuzu, kathumba ka mpunga wa Kilombero wina akabwera kuchokera ku Karonga. Izi zikhale choncho makamaka mukalandira mlendo wa ku Japan, monga anthu odzipereka a JICA, bungwe la boma la Japan lothandiza pa chitukuko, amene akhala akubwera m'Malawi muno kuyambira 1971. Kwawo kuli chizolowezi cha okaeshi, kubwezera mphatso, ndiye mukamupatsa chinthu chodula mwamusenzetsa nkhawa yofuna chobwezera. Chimene ndingakulangizeni kwenikweni ndi yosegaki, pepala limodzi lolimba limene aliyense amalembapo uthenga wake, dzina la wolandira lili pakati. Anthu a ku Japan amakonda kulichita potsanzikana, koma inu musadikire tsiku lotsanzikana. Aliyense alembe ndi dzanja lake m'Chijapanizi, ngakhale mzere umodzi wa hiragana yokhotakhota, ndipo musakonzerane zolakwika. Mayiwo adzazindikira dzanja la aliyense, popeza akhala akuliona m'makope, ndipo adzaona amene shi wake wayamba kukwera bwino.

Koma musanachite zonsezi, pitani mukawaone. Mutenge mnzanu mmodzi wamkazi wa m'gulumo, muwaimbire kaye kupempha nthawi, musangotulukira. Mukafika musayambe ndi funso loti abwera liti. Thokozani, tchulani zimene gulu lasintha pa mafoni a usiku ndi pa thiransipoti, kenako funsani ngati Loweruka lililonse silikuwalemera. N'kutheka kuti kujombako kuli ndi zifukwa zina za kunyumba kapena za kuntchito zimene sanafune kukuuzani. Akanena kuti angakwanitse kawiri pa mwezi, landirani ndi manja awiri, ndipo masabata enawo muzikumanabe nokha, kubwereza zimene anakusiyirani ndi kulemba mafunso m'kope lija.