Za jakisoni wochepetsa mimba amene akugulitsidwa ku jimu

Achemwali, mwati chiyambireni kumwa ma ARV atsopanowa mimba ikungotuluka, ndipo mnyamata wina wa ku jimu ku Rosettenville, mu Johannesburg muno, wakulonjezani timabotolo ta sermorelin ndi tesamorelin kuti tisungunule mafutawo. Ndalamayo isungeni kaye. Mankhwalawa alipodi ndipo madokotala amawadziwa, koma matenda amene amathandiza ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene akukuuzanizo.

Onse awiri anapangidwa motengera homoni ya m'thupi mwathu yotchedwa GHRH, imene asayansi anaipeza mu 1982. Imachokera mu ubongo n'kupita ku kachiwalo kakang'ono kotchedwa pituitary, kukakauza kuti katulutse homoni yokulitsa thupi. Homoni imeneyo ndi imene imatalikitsa mwana, ndipo kwa wamkulu imathandiza kuwotcha mafuta ndi kusunga minofu. Imatuluka yambiri usiku munthu akagona tulo tofa nato. Choncho GHRH ndi mthenga chabe wogogoda pakhomo. Ngati pituitary yawonongeka, m'nyumbamo mulibe woyankha, ndipo jakisoniyo sachita kanthu.

Sermorelin ndi chidutswa cha GHRH, ma amino acid (tizigawo timene timapanga homoniyi) 29 oyambirira mwa 44. Ku America anamuvomereza mu 1997 kuti athandize ana opinimbira chifukwa chosowa homoniyi, koma kampani yake inasiya kumupanga mu 2008. Madokotala ankagwiritsanso ntchito GHRH poyeza ngati pituitary ili bwino. Zoti amabwezera unyamata kapena kutalikitsa munthu wamkulu, iwalani. Mafupa akasiya kukula, asiya basi.

Tesamorelin ndi amene akukhudzana ndi funso lanu. Anavomerezedwa ku America mu 2010 pa vuto limodzi lokha: mafuta ounjikana mkati mwa mimba, ozinga matumbo ndi chiwindi, mwa anthu amene ali ndi HIV. Amene munayamba mankhwala kumudzi nthawi ya ma ARV akale otchedwa Triomune mukukumbukira zimene stavudine, mmodzi mwa mankhwala a m'piritsilo, ankachita: masaya kulowa mkati, miyendo ndi matako kuwonda mpaka mitsempha kuonekera, koma mimba ili gwa kutsogoloku. Mimba yolimba choncho, imene sungaitsine ndi zala, ndi imene tesamorelin amachepetsa. Pa kafukufuku, anthu obaya pamimba tsiku lililonse kwa milungu 26 anachepetsa mafuta amkatiwo ndi pafupifupi 15 peresenti. Sikelo siinasinthe kwenikweni. Ndipo atasiya kubaya, mafutawo anabwerera.

Kunenepa kumene ambiri akudandaula masiku ano ndi kwina. Kuyambira kumapeto kwa 2019 zipatala za boma kuno ku South Africa zinayamba kupereka TLD, piritsi la ma ARV limene lili ndi mankhwala otchedwa dolutegravir. Kafukufuku wa ADVANCE, amene anachitikira mu Johannesburg momwe muno, anaonetsa kuti omwa dolutegravir ananenepa kuposa omwa efavirenz wa m'mapiritsi a m'mbuyomu, makamaka amayi. Kumeneko ndi kunenepa kwa thupi lonse, mikono, m'chiuno, ntchafu, ndi mafuta ofewa apansi pa khungu. Tesamorelin sanapangidwire zimenezo. Tisaiwalenso kuti thupi likachira munthu amadya bwino, ndipo zakudya za mumsewu monga pap, magwinya ndi kota sizimukomera mtima munthu wokhala pampando tsiku lonse.

Zovuta zake wogulitsayo sakutchulirani. Pobayapo pamafiira ndi kuyabwa, mfundo zimawawa, mapazi ndi manja zimatupa, zala zimachita dzanzi. Chachikulu ndi shuga, amatha kukwera. Amakwezanso IGF-1, yochokera ku chiwindi, imene imalimbikitsa maselo kukula, n'chifukwa chake wodwala khansa sapatsidwa. Woyembekezera sapatsidwanso, ngakhale amene anachitidwapo opaleshoni ya pituitary. Dokotala akamapereka amayeza magazi pafupipafupi. Wa ku jimuyo akuyezani ndi chiyani? Kabotolo kopanda nambala ya SAHPRA, bungwe lovomereza mankhwala kuno, simungadziwe kuti muli chiyani, kaya kanasungidwa pozizira. Anyamata ampira ndi othamanga mudziwenso kuti WADA, bungwe lolimbana ndi mankhwala owonjezera mphamvu pa masewera, linaletsa mankhwala onse a mtundu umenewu.

Ma ARV musasiye ngakhale tsiku limodzi, ndipo musasinthane mapiritsi ndi mnzanu. Tsiku lokatenga mankhwala muwauze asisitala kuti mimba ikukula, akuyezeni m'chiuno ndi tepi, shuga, BP ndi mafuta a m'magazi, atsimikizenso kuti si pakati. Mimba yotupa mwadzidzidzi ikhoza kukhala madzi, chiwindi, TB ya m'mimba kapena zotupa za m'chiberekero, ndiye ngati ikupweteka kapena mukuwonda kwina konseku, musadikire tsiku lanu. Akaona kuti ndi mafuta amkati aja, pemphani kalata yokutumizani kwa dokotala wa mahomoni ku chipatala cha Charlotte Maxeke, Helen Joseph kapena Bara (Baragwanath), ndipo mutenge khadi lanu losonyeza ma ARV onse amene munamwapo kuyambira kumudzi.