Patenti imathandiza kapena imatsekereza?

Mwafunsa ngati malamulo oteteza nzeru za munthu, monga patenti, amalimbikitsa anthu kutulukira zinthu zatsopano kapena amangowamanga manja. Akulu, ine ndimaona kuti zimatengera mtundu wa ntchitoyo.

Patenti ili ngati msinthano. Boma limaletsa ena kukopera chimene mwapanga kwa zaka 20, koma inunso muyenera kulemba poyera mmene chimagwirira ntchito kuti ena aphunzirepo. Pa mankhwala izi n'zomveka ndithu. Kupeza mankhwala atsopano kumadya zaka zambiri komanso ndalama zankhaninkhani, pomwe kuwakopera sikuvuta kwenikweni. Popanda chitetezo, ndani angalime munda woti ena adzakolole?

Zimavuta pamene luso latsopano likudalira luso la mnzako. Abale awiri a Wright a ku America, amene anaulutsa ndege yoyamba ya injini, atalandira patenti yawo mu 1906, anataya zaka zambiri m'makhoti akulimbana ndi Glenn Curtiss, yemwenso ankapanga ndege, m'malo mokonza ndege zabwinopo, uku anzawo a ku Ulaya akupita patsogolo. Mu 1917, nkhondo yoyamba yapadziko lonse itafika pampondachimera, boma la America linachita kukakamiza makampani a ndege kuika mapatenti awo pamodzi kuti aliyense azigwiritsa ntchito. Ndiye taonani bungwe la CERN, lofufuza za sayansi ku Ulaya: mu 1993 linapereka kwaulere luso la World Wide Web (la mawebusaiti a pa intaneti) limene Tim Berners-Lee anayambitsa, ndipo lusolo linafalikira msanga chifukwa panalibe wopempha chilolezo.

N'chifukwa chake pa mapulogalamu a kompyuta zaka 20 ndimaziona kuti n'zochulukitsa. Pofika nthawi imeneyo lusolo limakhala litatha kale ntchito.