Sevoflurane pa opaleshoni ya mwana wanu

Mayi anzanga, mtima m'malo. Sevoflurane, mankhwala ogonetsa amene mwana amapuma kudzera m'masiki, madokotala amamukonda pogonetsa ana chifukwa sakanda kukhosi, ndipo amachoka msanga m'thupi mwana akamapuma. Wanga wa zaka 4 anangopuma kangapo m'masiki muja, zikope n'kulemera, basi tulo. Podzuka analira akuphiriphitha, osandizindikira n'komwe. Mtima unandiwawa, koma posakhalitsa anakhazikika.

Chimene sindifuna muiwale n'ichi: ngati kwanu kapena kwa bambo ake wina anatenthapo thupi koopsa, minofu n'kuuma, kapena anamwalira atagonetsedwa, auzeni adokotala ogonetsa tsikulo lisanafike. Vutoli, malignant hyperthermia, ndi lakumtundu, ndipo alipo mankhwala ena oti agwiritse ntchito m'malo mwa sevoflurane. Ngati mwana ali ndi chifuwa, nenaninso. Za maola osadya opaleshoni isanachitike, tsatani ndendende zimene akuuzeni.