Function ya version isamagwetse pulogalamu yonse

Achimwene, mwati function yanu ya Python yofunsa git (chida chosunga mbiri ya zosintha mu code) kuti pulogalamu ili pa version iti imayenda bwinobwino pa laputopu yanu, koma mutaikopera pa kompyuta ya gulu la alimi a kachewere ku Bembeke ikungogwa isanatseguke n'komwe. Zinandichitikirapo kuno ku Dedza boma.

Vuto ndi lakuti function yanu ikuganiza kuti kulikonse kuli ngati kwanu. Kompyuta ija mwina ilibe git, ndiye subprocess, chida cha Python choitanira mapulogalamu ena, imaponya FileNotFoundError. Mwinanso munatsitsa zip pa GitHub, ndipo zip sibwera ndi foda ya .git momwe git imasungira mbiri ija, choncho git rev-parse HEAD imatuluka ndi nambala 128 yosonyeza kuti yalephera. Repo (foda yoyang'aniridwa ndi git) yatsopano yopanda commit (zosintha zosungidwa mu git) ngakhale imodzi imachitanso chimodzimodzi. Ngati mukugwiritsa ntchito git describe --tags pomwe palibe tag (dzina lopatsidwa kwa commit), onjezerani --always kuti ikupatseni hash (chizindikiro cha commit) yaifupi m'malo molephera.

Chimene chinandidyera tsiku lathunthu ine ndi fulashi. Kuyambira Git 2.35.2 ya 2022, git imakana kugwira ntchito mu foda imene ikuona kuti mwini wake si inu, ndipo masiku ano imanena za dubious ownership. Ife timayendetsa ntchito pa fulashi chifukwa bandulo njodula, ndiye yembekezerani zimenezo. Mankhwala ake ndi safe.directory, pomwe mumauza git mafoda oti iziwakhulupirira, koma muikepo foda imodzi yokhayo, osati nyenyezi (*) yotsegulira zonse.

Chonde musakulunge zonse mu except: pass, yomwe imameza cholakwika chilichonse osanena kanthu. Anzathu ambiri amatero, pulogalamu n'kusiyadi kugwa, koma tsiku lina idzalakwitsa mwakachetechete inu muli pa minibasi ya ku Lizulu, osadziwa poyambira. Gwirani FileNotFoundError ija payokha, ikani check=False, muone nokha returncode (nambala imene git yatuluka nayo), zimene git yalankhula mu stderr (momwe imalembera zolakwika) muzilembe mu log, kenako function ibweze mawu oti "sizikudziwika". Mlembi wa gulu akufuna kulemba matumba amene alowa, za commit alibe nazo ntchito. Musaiwale timeout, masekondi 5 akwanira.

Ine ndikanakhala inu, git ndikanaichotseratu pa kompyuta ya gulu ija. Pokonza pulogalamu yoti mukapereke, lembani version mu kafayilo kakang'ono, function iziyamba kuwerenga kameneko, git izifunsidwa pa laputopu yanu pokha. Musanakwere ulendo wa ku Bembeke, koperani foda yopanda .git pa fulashi, muiyese pa kompyuta ya mnzanu yomwe sinaonepo git.